Funsani Ankolo: za bondo, penate ndi mtsikana wokonda mpira

Moni nonse okonda masewero kuno ku Dedza, ku Ntcheu ndi konse kumene magaziniyi ikufika. Mwezi uno mauthenga abwera ambiri, koma ambiriwo sakufunsa zoti pakati pa Bullets ndi Noma atenge ligi ndani ayi, akufunsa za kuvulala, za manyazi, za mavuto a mnyumba, nde ndasankhapo angapo amene andikhudza kwambiri. Mayina ndachotsa monga mwa masiku onse, ndangosiya dera basi.

Ankolo moni. Ine ndi mayi wa kuno ku Lobi, mwana wanga wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 14 ali sitandade 8, koma mwana ameneyu ndi mpira simungawalekanitse, akaweruka amangoponya chikwama pakhonde nkuthamangira ku giraundi kukamenya chikulunga ndi anyamata, ndipo anyamatawo amachita kumulimbirana kuti akhale mbali yawo. Bambo ake zimawanyansa, amukwapulapo kangapo akuti akutichititsa manyazi, azimayi anzanga kumjigo akuti adzauma thupi ngati mwamuna sadzabereka. Ine mumtimamu ndimaona kuti mwanayu ali ndi luso koma ndikuopa. Nditani? (Mayi wa ku Lobi)

Mayi, zikomo polemba, ndipo ndiyambe ndi za kumjigozo poti ndi zimene zikukusowetsani tulo. Mpira sutseka mimba ya munthu. Serena Williams wa tenesi uja anawina Australian Open mu 2017 ali woyembekezera, Alex Morgan wa timu ya America anabereka mu 2020 nkubwereranso mu giraundi kumakagoletsa ngati kale. Nde anzanuwo muziwayankha mwaulemu koma zonena zawozo musazisunge mumtima.

Tsopano za bambo akewo. Ndikufuna amve nkhani ya Tabitha Chawinga, osati ya ndege ndi mahotela ayi, ya koyambirira kwenikweni. Tabitha anabadwa mu 1996 ku Rumphi, mpira anayambira pakati pa anyamata ngati wanuyo, ndipo iye mwini wakhala akunena kuti makolo ake sankazifuna, pobwera kumpira nthawi zina ankakumana ndi mkwapulo. Ali kamtsikana ndithu anapita ku Lilongwe kukasewera DD Sunshine. Chowawa kwambiri anachiulula mu 2021 ku nyuzipepala ya The Guardian ya ku England, kuti ali ndi zaka 13 anthu a timu ina anakana zoti ndi mtsikana chifukwa cha mmene ankasewerera, mpaka anamuvula anthu akuona kuti atsimikize, ndipo zinadzachitikanso kachiwiri ali ku DD Sunshine. Tangoganizani mayi, mwana wa msinkhu wa wanuyo, pagulu. Ine nkhani imeneyi ndikaikumbuka mtima umandipweteka mpaka lero.

Mu 2014 mwayi unapezeka wopita ku Sweden, anayambira mu timu yaing'ono ya ligi ya mmunsi, kenako Kvarnsveden, ndipo mu 2017 anagoletsa zigoli 26 kuposa wina aliyense mu ligi yaikulu ya dzikolo, chikhalirecho timu yakeyo inatuluka mu ligi chaka chomwecho. Anapita ku China, kenako Inter Milan kumene anatsogolanso ndi zigoli 23, kenako PSG ku France anatsogolanso, mu 2024 nkusaina ku Lyon. Mng'ono wake Temwa anadutsa njira imene mkulu wake analambula, Sweden, China, ndipo mu 2024 ku Kansas City Current anagoletsa zigoli 20 nkuphwanya rekodi ya ligi ya ku America imene inali ya Sam Kerr. Ana a nyumba imodzi, a kumudzi, a Malawi muno.

Koma apa nde pamene ine ndimasiyana ndi anthu ambiri. Amakonda kunena kuti mavutowo ndi amene anamulimbitsa Tabitha, ngati kuti mkwapulo ndi kuvulidwa zinamuthandiza. Ine ndimakana. Chinamuthandiza ndi anthu amene anamutsegulira khomo, amene anamutenga ku Lilongwe nkumusunga, amene anamulumikiza ndi a ku Sweden. Atsikana amene anakumana ndi nkhanza zomwezo popanda wowagwira dzanja anangosiya mwakachetechete, sitiwadziwa ndi mayina omwe, ena tili nawo mmidzi mwathu muno.

Nde chitani izi mayi. Bambo akewo musalimbane nawo nokha pa nthawi ya nsima, itanani amalume ake a mwanayo poti eni mbumba ndi iwowo, pamodzi ndi aphunzitsi a zamasewero, mukhale pansi mugwirizane: sukulu patsogolo makamaka chaka chino cha mayeso, ntchito za pakhomo azigwira, mpira ukhale ndi masiku ake ndi nthawi yobwerera dzuwa lisanalowe. Mkwapulo uthe, sunaletsepo mwana wokonda mpira, umangomuphunzitsa kubisa. Mufunse ngati pa zoni yanu pali timu ya atsikana, ndipo paulendo uliwonse wa timu pazikhala mayi wamkulu wowaperekeza, kochi wamwamuna asamayende yekha ndi ana aakazi olo atakhala wodziwika bwanji. Sindikukulonjezani kuti mwana wanu adzafika ku Lyon, ofika kumeneko ndi ochepa zedi, koma luso lake lisafere pakhonde chifukwa cha miseche ya kumjigo.

Ankolo ine ndi mnyamata wa zaka 22 wa ku Lizulu, ndimamenya pa 9 mu timu ya kwathu. Pa bonanza ya Khrisimasi ndinadumphira mpira, potera bondo linapotokola ndinamva kuti phwa! linatupa tsiku lomwelo. Anzanga anati a timu inayo andichita zamankhwala, anandiperekeza kwa asing'anga ananditema mphini, kutupa kunatha koma mpaka lero ndikati ndikhote mwachangu bondo limangofooka ngati likuchoka, olo kusenza thumba la kachewere kuchokera kudimba ndimaopa. Akochi akuti ndimange bandeji ndizisewera ndi mantha chabe. Kodi mpira wanga watha? (Mnyamata wa ku Lizulu)

Mphwanga, usamange bandeji nkukasewera, chonde ndithu. Zimene walembazi, kumva phwa, kutupa tsiku lomwelo, bondo kumafooka pokhota, ndi zizindikiro zodziwika za kuduka kwa mtsempha wa mkati mwa bondo umene madokotala amautcha ACL. Ntchito yake ili ngati luzi lomangira nsichi ndi phaso, likaduka nyumba imaoneka yoimabe koma ikabwera mphepo imagwedera. Si mankhwala a timu inayo, zimachitikira osewera dziko lonse, nthawi zambiri popanda wokukhudza nkomwe, potera kapena pokhota basi. Ndipo nthawi iliyonse bondolo likafooka limapera kachiwalo kofewa ka pakati pa mafupa kamene amati meniscus, nde ukamakakamira ukuwonjezera bala lachiwiri pamwamba pa loyamba.

Pita ku chipatala cha boma ku Ntcheu ukapemphe kuonana ndi a zamafupa. X-ray imaonetsa mafupa osati mitsempha, nde akakuuza kuti fupa lili bwino usaganize kuti nkhani yatha, afotokozere za kufookako, iwo amadziwa kuliyeza bondo ndi manja ndipo akaona kuti nkofunika amakutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Si aliyense amafunika opareshoni, ena amathandizika ndi mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu mpaka kumayenda ndi kugwira ntchito bwinobwino, koma zimenezo agamule ndi odziwa osati akochi.

Wafunsa ngati mpira watha. Mwawi Kumwenda umamudziwa, mwana wa ku Mzimba amene anayamba ntchemberembaye ndi mpira wa mapepala apulasitiki opanda nsapato, anadzera ku Escom Sisters mpaka Australia ndi New Zealand, mu 2015 anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya ku Sydney. Mu 2018 zinthu zinali pachimake, ma Queens anagonjetsa New Zealand 57-53 pa Commonwealth Games, ndipo patangopita miyezi yochepa akusewerera Melbourne Vixens mtsempha womwewu wa ACL unaduka. Anachitidwa opareshoni, anakhala pafupifupi chaka osasewera, World Cup ya 2019 ku Liverpool inamudutsa akuonera. Koma mu 2020 Vixens inatenga ligi pogonjetsa West Coast Fever 66-64 mu fainolo ndipo wosewera bwino wa tsikulo anali Mwawi yemweyo.

Winanso ndi Ronaldo wa ku Brazil, osati Cristiano ayi, wa dazi uja. Iye unali mtsempha wina, wa kutsogolo kwa bondo, anavulala mu Novembala 1999 ali ku Inter, anabwerera mu Epulo 2000 pa gemu ya Lazio ndipo patangotha mphindi zochepa mtsemphawo unadukiratu, anatuluka pa machira akulira dziko lonse likuona. Ambiri anati zake zada. Anakhala kunja nthawi yaitali, koma mu 2002 anagoletsa zigoli 8 pa World Cup, ziwiri mu fainolo ndi Germany.

Tsopano ndikuuze zoona zake mphwanga, anthu awiriwa anali ndi madokotala apamwamba, a fizo tsiku ndi tsiku, malipiro akubwerabe ali pa bedi. Iwe ulibe zimenezo, ndipo bondo lomwelo ndi limene likusenzere kachewere ndi kulerera ana ako mtsogolomu. Nde chotengapo pa nkhani zawozi ndi chimodzi, anadikira. Mwawi anadikira pafupifupi chaka ali ndi zonse mmanja, iwe bonanza ya Isitala ikudutse, ina idzabwera.

Ankolo tathetsani mkangano wa ku vidiyo sho kuno. Anzanga akuti chigoba chakuda chimene Osimhen amavala kumaso ndi zithumwa za ku Nigeria, ine ndikuti ndi sitayilo chabe. Wolondola ndani? (Wokonda mpira wa pa Tsangano Turn-off)

Nonse mwaphonya achimwene. Mu Novembala 2021 Napoli ikusewera ndi Inter, Victor Osimhen anawombana mutu ndi difenda Milan Škriniar, mafupa a tsaya ndi a mozungulira diso anasweka, madokotala anachita kumulumikiza ndi tizitsulo ndi masikuluwu, AFCON, mpikisano wa mayiko a mu Africa, ya ku Cameroon ija ya golo ya Gabadinho yapatali ndi Morocco iye sanapiteko. Chigobacho chinayamba ngati chotetezera nkhope, kenako anangopitiriza nacho.

Koma poti mwamutchula, mnyamata ameneyu nkhani yake ndi yoti anyamata a ku vidiyo sho aimve. Anakulira ku Olusosun mu Lagos pafupi ndi dzala lalikulu la zinyalala za mzindawo, mayi ake anamwalira ali wamng'ono, ankagulitsa madzi a mmapaketi pamsewu pakati pa magalimoto ngati mmene ana amathamangira mabasi pa Tsangano panupo. Mu 2015 pa World Cup ya osapitirira zaka 17 ku Chile anagoletsa zigoli 10, Wolfsburg ya ku Germany nkumugula, aliyense nkumati watola chikwama. Kumeneko sanagoletse olo chigoli chimodzi, anavulala, anadwala malungo, matimu awiri a ku Belgium anamuyesa nkumukana. Charleroi ndi imene inamutenga mwa ngongole mu 2018, kochi nkumukhulupirira, ndipo zigoli zinayamba kubwera, kenako Lille, bambo ake nkumwalira mu 2020, kenako Napoli. Mu 2023 anagoletsa zigoli 26 nkupatsa Napoli ligi yoyamba patatha zaka 33 chichokereni nthawi ya Maradona, chaka chomwecho nkukhala wosewera bwino wa Africa. Ine pa nkhani yonseyi pamene ndimaima ndi pa Charleroi, katimu kosatchuka kamene kanatenga mnyamata wofooka ndi malungo amene ena anamukana. Chithumwa palibe apa.

Ankolo ndithandizeni. Amuna anga ndi a kabaza wa njinga yamoto kuno ku Dedza boma, kale ankasewera mpira bwino mpaka anthu ankati afika Super League koma zinakanika. Panopa ndalama iliyonse akapeza imathera kubetcha pa foni, chaka chatha anagulitsa feteleza wa kumunda kuti abweze zimene anadyedwa, nazonso zinapita. Ayamba kumwa kachasu, usiku sagona amangoyang'ana foni, sabata yatha anandiuza kuti bola kungofa. Ndikawalankhula amati mwamuna salira. Ndikuopa Ankolo. (Mayi wachichepere, Dedza)

Chemwali, mawu akuti bola kungofa musawatenge ngati za mowa. Lero lomwe uzani munthu wamkulu amene amuna anuwo amamumvera, kaya ankhoswe, kaya achimwene awo, kaya abusa kapena a shehe, asamakhale okha nthawi yaitali, ndipo mankhwala opopera mbewu ngati muli nawo mnyumba mukasungitse kwa achibale. Kenako apite nawo ku chipatala cha boma, kuli anamwino oona za matenda a maganizo, komanso ku Lilongwe kuli St John of God amene ntchito yawo ndi yomweyi, ya maganizo ndi ya anthu amene agwidwa ndi mowa. Kuwafunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipweteka sikuwapatsa nzeru yoipa ayi, nthawi zambiri munthu amapepukidwa kuti wina wamumva.

Kubetcha kukafika pogulitsa feteleza ndi matenda, si uchitsiru, ndipo sikusankha wosauka. Ivan Toney ali ku Brentford anaimitsidwa miyezi 8 mu 2023 ataphwanya malamulo a kubetcha ka 232, ndipo dokotala anatsimikiza kuti chinali chizolowezi chimene sankatha kuchisiya yekha. Chaka chomwecho Sandro Tonali, atangogulidwa kumene ndi Newcastle, anaimitsidwa miyezi 10 nkulamulidwa kulandira chithandizo. Anthu olandira mamiliyoni pa sabata, akubetcha ngati akusowa ya ndiwo. Izi zikuonetsa kuti amuna anu sakusaka ndalama kwenikweni, ndi ubongo umene wazolowera kugunda kwa mtima kuja, nde olo atawina mawa adzaibwezanso komweko.

Za mowa muwauze za Tony Adams, ngati ali a Arsenal amudziwa bwino. Kaputeni wa timu, mwamuna woopedwa kumbuyo, koma mu 1990 anamangidwa nkukhala kundende chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera, ndipo atatuluka anapitirizabe kumwa zaka zingapo akubisa. Zinasintha mu 1996 pamene anaima pagulu nkuvomera kuti ndi chidakwa ndipo akufuna thandizo. Atasiya anatsogolera Arsenal kutenga ligi ndi FA Cup mu 1998 komanso mu 2002, ndipo mu 2000 anatsegula malo otchedwa Sporting Chance othandizira osewera anzake a vuto lomweli.

Zoti mwamuna salira zija, Andrés Iniesta analira. Mu 2009 anali atangowina chilichonse ndi Barcelona, koma mnzake wapamtima Dani Jarque, kaputeni wa Espanyol, anamwalira mwadzidzidzi ndi mtima mu Ogasiti chaka chomwecho ali ndi zaka 26, ndipo Iniesta analowa mu mdima wa maganizo umene iye mwini anadzaufotokoza poyera pambuyo pake. Anauza a kwawo ndi a timu, anayamba kuonana ndi katswiri wa maganizo. Chaka chotsatira ku Johannesburg, mphindi ya 116 mu fainolo ndi Netherlands, anagoletsa chigoli chopatsa Spain World Cup nkuvula jezi kuonetsa malaya a mkati olembedwa dzina la Jarque. Anthu amakumbuka chigolicho, ine ndimakumbuka tsiku limene anatsegula pakamwa nkunena kuti sindili bwino, chifukwa popanda tsiku limenelo mwina ku Johannesburg sakanafikako.

Ndikuona ngati amuna anu akulirabe mpira umene unawakanika uja, ndipo kubetchako ndi njira yokhalirabe pafupi nawo. Akayamba kupeza bwino, afunseni ngati sangamaphunzitse ana a mdera lanu madzulo, munthu wotere amafunika giraundi. Pakadali pano ndalama za pakhomo ndi za kumunda zizikhala pa nambala yanu, mugwirizane pamaso pa ankhoswe osati mozemba, ndipo ngongole zawo za kubetcha musamawabwezere. Inunso chemwali mukhale ndi wokuthandizani, katundu ameneyu si wa munthu mmodzi. Mundilemberenso mwezi wa mawa.

Ankolo ine ndi mphunzitsi. Mnyamata wanga wa folomu 2 anaphonya penate yomaliza mu fainolo ya chikho cha mdera lathu, timu inaluza, panopa anthu akumuimba nyimbo pamsika ena akuti anadya ndalama za timu inayo. Wasiya kubwera ku sukulu. Ndikamuuze chani? (Mphunzitsi wa ku Kasinje)

Aphunzitsi, mwachita bwino kusangoti zitha zokha. Mukapita kwawo musayambe ndi zoti iwala, sangaiwale. Muuzeni za Sadio Mané. Mu 2017 pa AFCON ya ku Gabon, Senegal ndi Cameroon anafika pa mapenate mu kota fainolo, Mané anaphonya, Senegal inatuluka, anachita kumudzutsa pansi akulira. Mu 2019 anaphonyanso mapenate awiri mu mpikisano womwewo ku Egypt, nkukaluza fainolo kwa Algeria 1-0. Pa 6 Febuluwale 2022 ku Yaoundé, fainolo ndi Egypt, gemu itangoyamba Senegal inapeza penate, Mané anamenya, goloboyi Gabaski nkuigwira. Dziko lonse la Senegal limene linali lisanawinepo AFCON likumuyang'ana iye. Gemu inatha 0-0, ndipo pa mapenate anapitanso yekha kukamenya yomaliza, inalowa, 4-2, chikho choyamba. Uyu ndi mnyamata wa kumudzi ku Bambali amene bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 7, amene anathawa kwawo kupita ku Dakar chifukwa cha mpira, ndipo atapeza bwino anakamanga sukulu ndi chipatala kumudzi komweko.

Asamoah Gyan naye mu 2010, penate ya mphindi yomaliza ndi Uruguay inagunda chitsulo cha pamwamba Africa yonse nkugwira mutu, koma patangopita mphindi zochepa anali woyamba kupita kukamenya ya Ghana pa mapenate ndipo anagoletsa. Ghana inatulukabe, anthu anamunyoza zaka zambiri, koma anamaliza ali ndi zigoli 51, palibe wa Ghana anamuposa. Ngakhale fainolo ya 2012 imene aneba athu a Zambia anawina ku Libreville, Drogba weniweniyo anaponya penate mmwamba.

Mnyamata wanuyo anapita pa mpira pamene ena anabisala kumbuyo kwa anzawo, zimenezo mumuuze pamaso pa timu yonse osati kuseri. Ndipo a nyimbo aja ambiri ndi akuluakulu, nde nkhaniyi mukaitule kwa amfumu ndi a komiti ya sukulu, kunamizira mwana kuti wadya ndalama si chibwana. Gemu yotsatira ikapezeka penate, mumufunse ngati akufuna, akati eya mumupatse, akati ayi musamukakamize.

Ankolo mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 16 ndipo mpira amautha zedi. Kwabwera bambo wina pa WhatsApp akuti ndi ejenti, akuti amupezera mathirayozi ku Europe koma tipereke ndalama za viza, tikiti ndi fomu mwezi uno usanathe. Abale akuti tigulitse munda wa kudambo poti Mané nayenso anachita kuthawa kwawo. Ine mwini mbumba ndine, ndivomere? (Malume wa ku Bembeke)

Achimwene, musavomere, munda musagulitse. Malamulo a FIFA salola mwana wosakwana zaka 18 kusamutsidwa kupita ku timu ya dziko lina kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, monga makolo ake akasamukira kumeneko pa zifukwa zosakhudza mpira, nde wa zaka 16 wa ku Bembeke palibe timu ya ku Europe ingamusaine mwezi uno. Timu yeniyeni ikafuna wosewera imalemba kalata yodutsa ku timu yake ndi ku FAM, ndipo tikiti imagula yokha. Ejenti weniweni amakhala ndi laisensi ya FIFA, mumufunse bamboyo dzina lonse ndi nambala ya laisensi yake, kenako muimbire a FAM ku Mpira Village ku Chiwembe mufunse ngati akumudziwa. Mudzaona mmene aziyankhira. Zoti mwezi uno usanathe zija nazonso ndi chizindikiro, amafuna musapeze nthawi yofunsa.

Za Mané abale anuwo akungotenga theka la nkhani. Anathawadi kupita ku Dakar, koma abale ake anakamutenga nkubwerera naye kumudzi, ndipo pobwereranso ku Dakar anapita atagwirizana nawo, nkulowa akademi yodziwika ya Génération Foot imene ili pa ubale ndi timu ya Metz ya ku France, ndi mmene anadutsira. Athu omwe anadzera pakhomo osati pawindo. Gabadinho anayamba waonekera ku Bullets asanapite ku Bloemfontein Celtic, Esau Kanyenda anadzera ku Dwasco ndi Jomo Cosmos asanakafike ku Rostov ku Russia, Tabitha ndamutchula pamwambapa. Ana ambiri a ku West Africa amene mabanja awo anagulitsa minda chifukwa cha ma ejenti a mtunduwu anakangosiyidwa mmizinda ya eni opanda timu, opanda mapepala, akuopa ndi kubwerera komwe chifukwa cha manyazi. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Komanso zaka 16 si mochedwa, musalole wina akuthamangitseni. Jamie Vardy pa msinkhu womwewo Sheffield Wednesday inamutaya, anakagwira ntchito mu fakitale uku akusewera timu ya kumudzi ya Stocksbridge, anafika ku Leicester ali ndi zaka 25 ndipo mu 2016 anatenga Premier League. Mphwanuyo asewere mipikisano ya sukulu ndi ligi za achinyamata, amalize folomu 4, mupite naye ku Dedza Stadium tsiku limene matimu a pafupi akusankha osewera, kumeneko nde kumene makochi a Dedza Dynamos ndi a matimu a chigawo chapakati angamuone ndi maso awo. Ndipo nambala ya bamboyo mukaipereke ku polisi, chifukwa ngati wakulemberani inu nde kuti walemberanso mabanja ena a ku Bembeke konko.